Mvula ya ku Area 25 siyendetsa makina a ku Nkula

Abale, funso ili landitopetsa. Mvula ikangovumba yamphamvu kuno ku Lilongwe, wina mu minibasi wayambapo kale, "nanga madzi onsewa, magetsi akuthimiranji?" Ine ntchito yanga ndi yoyeza madzi a m'mitsinje nde ndimangopukusa mutu.

Madzi mukuwaona akusefukira pa mlatho wa ku Old Town aja akupita ku Linthipe, Linthipe akawathira m'nyanja ku Salima, basi. Nyanja ya Malawi ili ngati mtsuko waukulu wokhala ndi kabowo kamodzi kokha, ndiye Shire ameneyo, ku Mangochi. Ambiri mwa madzi olowa m'nyanjamo amauma ndi dzuwa, otsika mu Shire ndi ochepa chabe. Komanso mtsinje wothira madzi ochuluka kuposa yonse si wathu, ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe naye timagawana nawo omwewo. Mvula ikavuta kumapiri a kum'mwera kwa Tanzania ife tidzalira ndithu, ngakhale chimanga cha ku Mitundu chitabereka ziwiriziwiri.

Shire akadutsa ku Malombe amafika pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965, pamenepo mpomwe amatsegula kapena kutseka mageti. Kumunsi kwake ndi mathithi, Nkula, Tedzani, Kapichira, makina onse opanga magetsi pa mtsinje umodzi ngati mikanda pa ulusi. Kenako akumana ndi Ruo ku Chiromo, wapita ku Mozambique kukathira mu Zambezi. Ndipo ambiri sadziwa kuti cha pakati pa 1915 ndi 1935 Shire anasiyiratu kutuluka m'nyanja. Zinachitikapo zimenezi, si nthano ayi.

Mvula yochuluka nayo imathimitsa. Matope ochokera m'mapiri amene tawameta mpala chifukwa cha makala, namasupuni, zitsotso, zonse zimakaunjikana polowera madzi mpaka makina aime kaye. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka tsiku limodzi ndipo kukonza kwake kunadutsa chaka.

Nthawi imeneyo mpamene panachitika chinthu chimene chimandivutitsabe. Aneba anga ena atatopa ndi mdima anagula jenereta, nkuitana kamnyamata kena koyenda ndi tesita m'thumba, kotchipa. Ndinawauza kuti achimwene, pamafunika chenjiova, swichi yodula laini ya panja jenereta ikamagwira ntchito, jenereta sailumikiza pa soketi ya pabalaza ngati wailesi. Anati mawa, ndalama ya swichi ikapezeka. Ine ndinangoti chabwino, sindinaumirire, mpaka pano ndimadzifunsa chifukwa chake. Usiku wina magetsi anabwera jenereta ili mkati kulira, mawaya anapsa mpaka kudenga, fungo la pulasitiki lili thoo nyumba yonse, ana anatulutsidwa atafunda zitenje. Mwayi palibe anafa.

Koma mudziwe kuti jenereta yolumikizidwa chonchi imabweza moto mu laini ya panja, munthu amene wakwera pa pholo akudziwa kuti laini yathimitsidwa atha kufera pomwepo, inu muli phee mukuonera mpira. Chimodzimodzi ma inveta ndi sola mukugula pa msika wa Tsoka aja. Wokuikirani akhale ndi laisensi ya MERA, muione ndi maso anu, ndipo ngati ndalama ya chenjiova palibe, jeneretayo iyambe yakhala mu katoni.