Peugeot 504 ndi Mercedes-Benz 240D: mtengo wake umaonekera kugalaja

Mwezi sutha asanabwere munthu kugalaja kwanga kudzandiuza kuti akufuna Mercedes-Benz 240D chifukwa "Benz siifa", pamene Peugeot 504 akuti ndi ya anthu osowa ndalama. Mawu amenewa andikwana, chifukwa amene amagula galimoto ndi maganizo otere ndi omwe amabwera nayo ikukokedwa pachingwe.

Pa liwiro palibe mkangano. Peugeot ya petulo ya malita awiri imaisiya kutali 240D, yomwe injini yake ya dizilo imafuna masekondi oposa 20 kuti ifike pa makilomita 100 pa ola, choncho wofuna kupitirira thiraki pokwera Chiweta ayambe waganiza kawiri. Pamsewu wa tara Benz imakhazikika chifukwa cha kulemera kwake, ngakhale chiwongolero chake chimayamba kulekerera ikakalamba. Pamsewu wa fumbi 504 imameza mabampu mofewa ndipo imamvera dzanja msanga. Sizodabwitsa kuti dalaivala Ove Andersson anapambana nayo mpikisano wa magalimoto wa Safari Rally ku Kenya mu 1975, komanso kuti ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka m'zaka za m'ma 2000.

Benz imamwa mafuta pang'ono ndipo injini yake imakhalitsa, koma mavavu ake amafuna kutcheredwa ndi manja nthawi ndi nthawi. Timapaipi ta vacuum, tomwe timayamwa mpweya pozimitsa injini, tikang'aluka, injini imakana kuzima ngakhale mutazula kiyi. Pampu ya dizilo ikagwiridwa ndi munthu wongophunzirira, ndalama yoikonzera imafafaniza zonse zimene munapulumutsa pa mafuta.

Chimene chimandipwetekabe mtima ndi 504 ya bambo wina, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anaisamala zaka zambiri. Madzi atayamba kuchepa m'radiyeta, ndinawapempha kuti aisiye tiyiyeze tsiku lomwelo, koma iwo anati adikira penshoni. Makanika wina wa pansi pa mtengo anawachotsera thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, n'kuthiramo ufa wotseka podontha, ndi kuwauza kuti azingowonjezera madzi a pamjigo. Patapita milungu isanu ndi umodzi, nditazula ndodo yoyezera oyilo, inatuluka ndi thovu loyera ngati tiyi wamkaka. Injini imeneyi ili ndi masilinda ochotseka amene amakhala m'madzi, ndipo mutu wake ndi wa aluminiyamu, moti ikatentha kwambiri ngakhale kamodzi mutuwo umapindika ndipo madzi amalowa mu oyilo. Ntchito yomwe ikanathera pa gasiketi yotseka pakati pa mutu ndi thupi la injini inafika pomasula injini yonse, ndipo bambowo anagulitsa galimotoyo ngati masipeya.

Musanalipire iliyonse mwa ziwirizi, ikwezeni pamwamba muone dzimbiri pansi pake, ndipo muilize injini ili yozizira. Singano ya kutentha ikangodutsa pamene imakhala masiku onse, imani pomwepo muzimitse, ndipo musalole aliyense kuchotsa thermostat.