Mkangano wa pa Harvard woti munthu wophunzira ayenera kudziwa chiyani

Pali funso lomwe mapulofesa a pa yunivesite ya Harvard ku America akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 150 ndipo mpaka lero silinathe. Mwana akalowa yunivesite, kupatula maphunziro a ntchito yomwe akufuna kudzagwira, ndi chiyani chomwe aliyense ayenera kuphunzira asanavale gauni? Kwathu kuno funsoli silimveka kwambiri chifukwa mwana amasankhidwa kale ku pulogalamu yake, uyu za uinjiniya uyu za malamulo, koma ku America mwana amalowa koleji asanasankhe gawo lake, amayamba walawa uku ndi uku kenako nkudzasankha ali chaka chachiwiri. Pa Harvard digiri yoyamba ndi makosi 32 pa zaka 4, nde nkhondo yonse imakhala yoti pa makosi amenewa ndi angati omwe sukulu imukakamize mwana, nanga akhale a chiyani. Iwo amati general education.

Harvard inayamba mu 1636 ku Cambridge, Massachusetts, ndipo kwa zaka pafupifupi 200 panalibe zosankha. Aliyense amadya zomwe zaphikidwa, Chilatini, Chigiriki, masamu, filosofi ndi zachipembedzo, kalasi yonse limodzi kuloweza ndi kubwereza pamaso pa mphunzitsi. Amene anagwetsa zimenezi ndi Charles Eliot, mphunzitsi wa chemistry yemwe anakhala pulezidenti wa sukuluyi mu 1869 ali ndi zaka 35 zokha, ndipo anakhala pampandopo zaka 40. Iyeyu ankati ana si ofanana, nzeru zachuluka padziko moti palibe angazimalize, nde mwana wa zaka 18 asiyidwe asankhe yekha zomwe mtima wake wakonda chifukwa chomwe wasankha wekha umachilimbikira. Pang'onopang'ono anachotsa pafupifupi makosi onse okakamiza, nkutsala tochepa ta chaka choyamba monga kalembedwe ka Chingerezi. Anzake sanamusekerere ayi, mu 1885 anakatsutsana pagulu ku New York ndi James McCosh pulezidenti wa yunivesite ya Princeton, yemwe ankaona kuti ufulu woterewu ungopangitsa anyamata kuthawa zovuta nkumatola zofewa zokhazokha.

Ndipo McCosh sanalakwitse kwenikweni. Ana ambiri, makamaka a mabanja olemera omwe ntchito inali ikuwadikira kale kwawo, ankangotola makosi oyambira okhaokha uku kamodzi uku kamodzi, kupeza giredi C yongodutsira basi nkumapita. A. Lawrence Lowell atalowa mu 1909 anabweza chingwe, anati mwana asankhe gawo limodzi lozama nalo koma atengenso makosi angapo kunja kwa gawolo, maganizo ake anali oti munthu adziweko pang'ono za zonse ndi chimodzi achidziwe bwinobwino. Njira imeneyi ndi yomwe makoleji ambiri a ku America akuyendera mpaka pano. Vuto lake ndi loti sinena chomwe mwana aphunzire, imangoti katenge kosi imodzi ku sayansi, iliyonse, nde ana awiri atha kumaliza sukulu imodzi opanda buku ngakhale limodzi lomwe onse anawerengapo.

Nkhondo ndi yomwe inadzutsa nkhaniyi mwamphamvu. Ku yunivesite ya Columbia anali atayamba kale mu 1919 ndi kosi ya Contemporary Civilization yomwe inachokera ku maphunziro ofotokozera ana a sukulu omwe ankaphunzitsidwa usilikali chifukwa chomwe America inalowera nkhondo yoyamba. Pa Harvard zinadikira nkhondo yachiwiri. James Conant, nayenso wa chemistry ndipo anali mmodzi mwa akuluakulu oyang'anira ntchito yopanga bomba la atomiki, anakhazikitsa komiti mu 1943 motsogozedwa ndi Paul Buck, ndipo mu 1945 inatulutsa lipoti lotchedwa General Education in a Free Society, lomwe anthu amangoti Redbook chifukwa cha chikuto chake chofiira. Ganizirani nthawi yake, dziko la Germany lomwe linali ndi mayunivesite apamwamba kwambiri linali litagwa m'manja mwa Hitler madokotala ndi mainjiniya ake akumugwirira ntchito bwinobwino, komanso lamulo la GI Bill la 1944 linali likutsegula zipata za koleji kwa asilikali obwera kunkhondo, ana a anthu wamba. Nde komitiyi inafunsa kuti anthu osiyanasiyana chonchi, aliyense katswiri pa kachinthu kake, adzalankhulana bwanji ngati nzika za dziko limodzi? Yankho lawo linali loti pakhale kosi imodzi ya mabuku akuluakulu yomwe aliyense atenge, ina imodzi ya maganizo ndi mabungwe a maiko a azungu, komanso ya sayansi yophunzitsidwa kwa anthu omwe sadzakhala asayansi. Conant mwini wake pulezidenti wathunthu analowa m'kalasi kukaphunzitsa ya sayansiyo, chinthu chomwe ine ndimachilemekeza kwambiri.

Koma apa ndi pomwe pali phata la nkhani yonse. Mapulofesa anavomera mfundo yake koma kosi imodzi ya aliyense ija anaikana, mmalo mwake anaika makosi angapo pa gawo lililonse kuti mwana asankhepo. Chifukwa chake si chovuta kuchimvetsa, pulofesa amalembedwa ntchito ndi dipatimenti, amakwezedwa chifukwa cha kafukufuku wa m'gawo lake, ndipo dipatimenti imapatsidwa malo a aphunzitsi potengera ana omwe ikukoka. Kosi ya aliyense ilibe mwini, ili ngati chitsime cha m'mudzi, onse amatunga koma chikagumuka aliyense amayang'ana mnzake. Nde chaka ndi chaka madipatimenti ankapempha kuti kosi yathu iyinso iziwerengedwa, mndandanda nkumatalika, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ana akuchita zionetsero zokana nkhondo ya ku Vietnam komanso malamulo a sukulu, general education ija inali itangotsala dzina.

Henry Rosovsky, katswiri wa zachuma yemwe anakhala dean mu 1973 pansi pa pulezidenti Derek Bok, ndi amene anaiyambitsanso. Zinamutengera zaka pafupifupi 4 za makomiti ndi kunyengerera, mpaka mu 1978 mapulofesa anavotera Core Curriculum, ndipo manyuzipepala a dziko lonse analemba ngati nkhani yaikulu poti Harvard ikasuntha ena amatsatira. Rosovsky anadziwa kuti anthuwa sangagwirizane pa mabuku oti aliyense awerenge, nde anazembera mbali ina, anati tisakangane za chomwe mwana adziwe koma aphunzire njira zomwe akatswiri amaganizira, wa mbiri amafufuza bwanji, wa sayansi amatsimikiza bwanji chinthu, nanga nkhani ya chabwino ndi choipa imaweruzidwa bwanji. Panali magawo a zolembalemba ndi luso, mbiri, sayansi, chikhalidwe cha anthu, kulingalira za khalidwe, ndi zikhalidwe za maiko ena. Munatuluka zinthu zabwino ndithu, kosi ya Justice ya Michael Sandel yomwe inkadzaza holo ya Sanders Theatre ndi ana pafupifupi 1,000 ndipo pano ili pa YouTube inali ya mu Core momwemu. Koma odandaula ankati ngati nkhani ndi njira chabe ndiye kuti mutu uliwonse ukulowa, mwana atha kuzama pa kankhani kakang'ono ka zaka 20 za dziko lina nkumaliza digiri asakudziwa mbiri yaikulu yomwe kankhaniko kakukhalamo.

Nthawi yomweyo ku yunivesite ya Stanford moto unabuka kuchokera mbali ina. Kumeneko kunali kosi yokakamiza ya Western Culture, ndipo ana achikuda ndi ena ankafunsa kuti bwanji mabuku onse ndi a amuna achizungu okhaokha, mu Januwale 1987 anaguba limodzi ndi Jesse Jackson, m'busa womenyera ufulu wa anthu akuda, mu 1988 sukulu inasintha kosiyo kukhala Cultures, Ideas and Values, ndipo William Bennett nduna ya maphunziro ya pulezidenti wa dziko Reagan anadzudzula poyera kuti sukulu yagonjera phokoso. Ine pamenepa ndili mbali ya anawo, chifukwa ukauza munthu kuti awa ndi mabuku omwe wophunzira aliyense ayenera kudziwa koma mulibe ndi limodzi lomwe la anthu a mtundu wake, wamuuza kanthu kena komwe sunalembe pa silabasi. Kungoti kuyambira pamenepo sukulu zambiri zinayamba kuopa kutchula buku lililonse kuti ili ndi la tonse.

Core inakhala zaka pafupifupi 30. Lawrence Summers atakhala pulezidenti mu 2001 anayambitsa zoiunikanso, koma iye anayambana ndi mapulofesa mpaka anamuvotera kuti alibe naye chikhulupiriro mu 2005 ndipo anatula pansi udindo mu 2006, zinthu zili m'malere. Bok yemwe uja anaitanidwanso kudzagwirizira mpando kwa chaka chimodzi, nde munthu yemwe Core inabadwira m'manja mwake ndi yemwenso anaiperekeza kumanda. Komiti yatsopano ya Louis Menand ndi Alison Simmons inanena kuti makosiwa azilumikiza za m'kalasi ndi moyo womwe mwana akakhale akatuluka, ndipo mu lipoti lawo loyamba la mu 2006 anaikamo gawo la Reason and Faith, loti aliyense aphunzireko za chipembedzo ndi malo ake padziko. Pulofesa Steven Pinker ndi ena anakana, ankati dzinalo likuika chikhulupiriro ndi kulingalira pa mlingo umodzi ngati njira ziwiri zofanana zodziwira zoona, ndipo pasanathe miyezi itatu gawolo linachotsedwa. Apa ndimaona kuti anataya chinthu. Sankafunsa mwana kuti apemphere, ankafuna kuti amvetse, ndipo ana amenewa ndi omwe amadzakhala akazembe ndi mabwana a mabungwe otumizidwa kumaiko ngati athu kuno komwe msonkhano wa chitukuko suyamba popanda pemphero, nde amafika osadziwa kuti akulankhula ndi anthu otani.

Pulogalamu yatsopano ya komitiyi, ya magawo 8, inavomerezedwa mu 2007 nkuyamba mu 2009, koma sinakhalitse. Pofika 2015 komiti ya Sean Kelly, pulofesa wa filosofi, inapeza kuti ikulephera mbali zambiri, ana sankadziwa cholinga chake, aphunzitsi ambirinso chimodzimodzi, ndipo makosi mazanamazana a m'madipatimenti anali atalowetsedwa pa mndandanda, matenda omwe aja anadya Redbook. Anakonzanso mu 2016, ndipo kuyambira 2019 mwana amatenga makosi 4 a Gen Ed, imodzi ya luso ndi chikhalidwe, ina ya khalidwe ndi unzika, ina ya mbiri ndi magulu a anthu, ina ya sayansi ndi tekinoloje pakati pa anthu, kuonjezera apo makosi 3 a m'madipatimenti monga ankafunira Lowell uja, ndi imodzi yophunzira kugwiritsa ntchito manambala ndi data. Ulendo uno anayesetsa kuti makosi 4 aja akhale opangidwira cholinga chimenechi osati kungobwereka a dipatimenti nkuwamata dzina, koma owaphunzitsa akadali mapulofesa omwewo olembedwa ndi kukwezedwa ndi madipatimenti awo, ndipo kosi imodzi yoti mwana aliyense wa pa Harvard akhalemo limodzi ndi anzake onse, yomwe komiti ya Buck inapempha mu 1945, sinakhazikitsidwebe.