Kuonjezera Panado pa mankhwala a chimfine sikuchiritsa msanga

Ku Mchinji kwamveka mphekesera yoti ukamwa mankhwala a chimfine ndi chifuwa n'kuonjezera Panado, umachira msanga. Si zoona, ndipo n'zoopsa.

Tembenuzani paketi muwerenge. Ambiri mwa mankhwalawa ali kale ndi paracetamol, yemweyo wa mu Panado. Munthu wamkulu asapyole mamiligalamu 4,000 pa maola 24, omwe ndi mapiritsi 8 a mamiligalamu 500. Mukapyola, chiwindi chimawonongeka mwakachetechete, zizindikiro n'kudzaoneka mawa kapena mkuja.

Mukaona dzina loti chlorpheniramine, dziwani kuti amagonetsa. Akabaza, musakwere njinga mutamwa, mowanso ayi. Odwala BP ayambe afunsa achipatala, ndipo ana osakwana zaka 6 musawapatse mankhwala a chimfinewa. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kayezetseni TB.