Mluzu ndi wezulo: kwa Angerezi dzina ndi limodzi

Pa zaka zonse zomwe ndaphunzitsa Chingerezi, whistle ndi amodzi mwa mawu omwe ana amati akuwadziwa kale ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Ndipo sanama. Wezulo yathu ija, yomwe woimbira mpira amaliza, ndi whistle yemweyu, kungoti tinamupinda kuti agwirizane ndi lilime lathu. Amene anabwereka mawuwa anali ndi khutu labwino: chilembo cha t sichitchulidwa, monganso mu listen ndi castle. Mwana amene amati "wisito" ndiye kuti akuwerenga zilembo, pomwe agogo amene anati wezulo ankamvetsera.

Chisokonezo chimabwera chifukwa ife timasiyanitsa zinthu ziwiri. Mnyamata wabusa akasongola milomo timati akuimba mluzu, ena amati likhweru, ndipo kachitsulo kouzira kaja ndi wezulo. Mngerezi zonsezi amangoti whistle. Mukamva he whistled, kawirikawiri ndi mluzu wapakamwa. Mukamva he blew the whistle, pamenepo pali wezulo m'manja. Mtsikana wina m'kalasi mwanga anamasulira he whistled for his dog kuti "anaimbira galu wake wezulo". Anzake anaseka mpaka misozi poganizira mkulu wopita kosaka atakoleka wezulo m'khosi ngati ali pabwalo la mpira. Sindinamudule malikisi onse, poti galu anaitanidwadi.

Si munthu yekha amene amachita whistle. Ketulo madzi akawira, mphepo ikamalowera pa mng'alu wa zenera, chipolopolo chikamadutsa pafupi ndi khutu, zonsezi kwa iwo n'chimodzimodzi, malinga ngati kulirako n'kosongoka ndipo kukuchokera ku mpweya wopanikizika.

Koma tanthauzo lomwe lafala kwambiri m'manyuzipepala linachokera ku wezulo ya m'manja ija. M'zaka za m'ma 1880, Joseph Hudson wa ku Birmingham anapangira apolisi a mu London wezulo. Izi zisanachitike, wapolisi akafuna kuitana anzake ankapukusa kachipangizo kamtengo kaphokoso. Kampani ya Hudson yomweyo ndi imene inatulutsa Acme Thunderer, wezulo yomwe oimbira mpira ambiri akhala akugwiritsa ntchito. Taonani tsono: wapolisi akaliza wezulo ndiye kuti waona wakuba, woimbira akaliza ndiye kuti wina wachita chisawawa ndipo masewero aime. Apa ndi pomwe panabadwira blow the whistle on, kutanthauza kuulula zoipa zomwe zikuchitika mobisa, ndipo woululayo ndi whistleblower.

Mawuwa ali ndi ulemu wake, ndipo n'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona wina atawamasulira kuti "kazitape". Chingerezi chili kale ndi mayina onyoza munthu wa kanenera, monga snitch. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Ralph Nader, womenyera ufulu wa ogula katundu ku America, anathandiza kufalitsa whistleblower ngati dzina losachititsa manyazi. Ameneyu ndi munthu wa m'kati momwemo, wogwira ntchito pamalopo, amene waona katangale kapena chinthu choika miyoyo pachiswe n'kusankha kulankhula, akudziwa kuti ntchito ikhoza kumuthera. Mayiko ena anaika malamulo omuteteza: America mu 1989, Britain mu 1998, South Africa mu 2000. Edward Snowden, yemwe ankagwirira ntchito bungwe lina lazachitetezo ku America, ataulula mu 2013 mmene boma la America linkatolera mwachinsinsi mauthenga a anthu, mkangano waukulu unali pa dzina lomweli, ena akuti whistleblower, ena akuti woukira dziko. Ine pomasulira ndimati "woulula zachinyengo". "Woimba wezulo" ayi ndithu, owerenga angayese nkhani ya mpira.

Andale nawo anatengapo awo. Whistle-stop tour ndi ulendo woima malo ambiri kwa kanthawi kochepa, ngati wa mu 1948 wa Harry Truman, pulezidenti wa America pa nthawiyo, amene ankakopa anthu ataima kumbuyo kwa sitima m'timasiteshoni ting'onoting'ono. Dog whistle ndi wezulo yomwe galu amamva koma munthu osamva. Pa ndale ndi mawu ooneka osalakwa, pomwe gulu lomwe akulilozera likumva zenizeni. Ife tingati kulankhula mokuluwika.

Otsalawa ndi a tsiku ndi tsiku. Wolf whistle ndi mluzu uja anyamata apamsewu amaimbira mkazi akamadutsa, ndipo mawuwa satamanda woimbayo. Wet your whistle ndi kunyowetsa kukhosi, makamaka ndi mowa. Clean as a whistle ndi chinthu choyera mbee, kapena munthu wopanda mlandu. Bells and whistles ndi tizokometsera towonjezera pa foni kapena galimoto, tokweza mtengo koma tosafunika kwenikweni.

Lomwe ndimachenjeza nalo ophunzira anga akuluakulu, makamaka ochita geni, ndi ili: you can whistle for it. Mukapita kukaitanitsa ngongole, mwiniwake n'kuyankha choncho, musasongole milomo. Wakuuzani kuti ndalamayo simudzaionanso.