Madzi a ku Dedza sawira pa 100

Tsiku lina ndinagawa ana a Fomu 3 m'magulu asanu, gulu lililonse ndi beaker yake (kapu yagalasi ya mu labotale), nyali ya sipiriti ndi thermometer. Ntchito inali yapafupi: atereke madzi, akawira awerenge kutentha kwake, alembe lipoti. Pa tebulo lina madzi anali kubwata kale, nthunzi ili tolotolo, koma kamzere ka mu thermometer katakakamira pa 95. Mtsikana amene ankawerenga anapenyetsetsa, n'kudikira, n'kupenyanso. Kenako anagwira cholembera n'kulemba m'kope mwake kuti 100°C. Malipoti onse asanu anabwera ndi nambala yomweyo.

Sindinawakalipire. Kuyambira ku pulayimale ana athu amazolowera kuti yankho lolondola ndi lomwe lili m'buku, ndiye maso awo akatsutsana ndi buku, amaganiza kuti olakwa ndi maso. Komatu tsiku limenelo thermometer inanena zoona, chifukwa sukuluyo ili m'dera la mapiri ku Dedza.

Mpweya umene watizungulirawu uli ndi kulemera kwake, ndipo umapanikiza madzi mumphika. Munthu akamakwera mtunda, mpweya wa pamwamba pake umachepa, kupanikiza kuja n'kuchepanso, motero madzi amawira asanatenthe kwambiri. Pa mamita pafupifupi 300 alionse amene wakwera, madzi amawira motsikirako ndi digiri imodzi. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, choncho kumeneko madzi amawira cha pa 95. Ku Lilongwe ndi pakati pa 96 ndi 97, pomwe ku Nsanje, kuchigwa cha Shire, amayandikira 100. N'chifukwa chake nyemba zimachedwerapo kupsa kumapiri. Ngakhale Anders Celsius wa ku Sweden, amene anakonza muyezo umenewu mu 1742, ankadziwa kuti kuwira kwa madzi kumasintha ndi kupanikiza kwa mpweya. Nambala ya 100 ija ndi ya malo otsika olingana ndi nyanja yamchere.

Ana aja akanalemba 95, akanafunsa kuti bwanji, ndipo phunziro lonseli likanatuluka m'funso lawo. Polemba 100 anadzitsekera okha khomo.

Lipoti la mu labotale limalembedwa m'Chingerezi ndipo mitu yake ndi yodziwika: cholinga, zipangizo, ndondomeko, zotsatira ndi mfundo yomaliza. Mitu imeneyi mwana amaloweza sabata imodzi. Chomwe chimanditengera teremu yathunthu ndi kumuphunzitsa kusiyanitsa zomwe waona ndi zomwe akuganiza. Akadontheza ayodini pa tsamba poyesa ngati muli starch, chakudya chimene zomera zimasunga, mwana amathamangira kulemba kuti "m'tsambamu muli starch". Ine ndimamufunsa kuti starch'yo waiona ndi maso ati? Chomwe waona n'chakuti tsamba lasanduka la buluu woderako. Zimenezo zipite pa zotsatira. Zakuti muli starch ndi tanthauzo lake, ndipo malo ake ndi kumapeto. Akasakaniza ziwirizi, munthu wina wowerenga lipotilo sangadziwe ngati walakwitsa poyesa kapena poganiza.

Palinso tizizolowezi timene ndimaumirira. Nambala ilembedwe pomwepo, m'tebulo lojambuliratu, ndi muyezo wake: 95 yokha sikutanthauza kanthu mpaka ulembe °C. Diso likhale molingana ndi kamzere powerenga, ndipo thermometer isagunde pansi pa beaker pomwe pali moto. Kuyesa kamodzi sikukwanira, abwereze katatu. Akalakwitsa asafufute, angodula ndi mzere umodzi kuti nambala yakaleyo izionekabe. Ndondomeko ailembe mwakuti mnzake amene anajomba tsiku limenelo atha kuitsatira osafunsa munthu. Nthawi zina ndimasinthanitsadi malipoti pakati pa magulu kuti ayese kutsatira zomwe anzawo alemba, ndipo m'pomwe amazindikira kuti sanatchule kuchuluka kwa madzi.

Makolo ambiri amaona ngati zonsezi n'zongofuna kukhoza pepala la practical pa mayeso a MSCE a MANEB. Malikisi ndi ofunika, sindikana. Koma ine ndimaganiza za mwana yemweyu atakula, ali mu labotale ya chipatala, akuyang'ana magazi a mwana wanu pa maikulosikopu kuti aone ngati muli tizilombo ta malungo. Ndimafuna adzalembe zomwe waona, ngakhale zitasiyana ndi zomwe aliyense amayembekezera. Khalidwe limenelo limayambira pa beaker ya madzi ku Fomu 3.

Ndikudziwa kuti masukulu ambiri a CDSS alibe labotale yokwanira, ndipo pali ana amene amagwira burette (chubu chagalasi choyezera kuchuluka kwa zamadzimadzi) koyamba mayeso atayandikira. Zimandiwawa. Koma kuyang'anitsitsa ndi kulemba moona kungaphunziridwe ngakhale pakhonde. Viikani chidede m'madzi otentha mpaka afiire, musefe, mugawe m'matambula atatu oonekera mkati. M'loyamba mwana afinyiremo ndimu. M'lachiwiri athiremo chidulo, chija amayi amasungunula kuchokera ku phulusa pophika therere. Lachitatu asalikhudze, likhale loyerekezera, poti popanda ilo sangadziwe kuti mtundu wasintha motani. La ndimu lidzawala kufiira kwake chifukwa ndimu ndi asidi, pomwe la chidulo lidzada n'kupendekera kobiriwira chifukwa chidulo ndi alkali. Musamuuziretu zimenezi. Mpatseni pepala ajambule tebulo lake, alembe masupuni amene wathira ndi mtundu umene watuluka, ndipo mukamaliza mumufunse kuti chingachitike n'chiyani atathira ndimu m'tambula ya chidulo ija. Alembe kaye ganizo lake, kenako ayese.