Usisitere si pothawira wosowa banja

Kuno ku Mchinji ndimamvabe anthu akunena kuti mtsikana amapita kuusisitere banja likamukanika. Mawuwa amandipweteka, chifukwa si zoona.

Munthu salowa usisitere lero n'kuvala chovalacho mawa. Amayamba wakhala ndi masisitere kuti adziyese, kenako unovisi (nthawi yophunzira moyo wa usisitere), umene malamulo a Mpingo wa Katolika amati usachepere miyezi 12. Akatero amachita malumbiro a kanthawi kwa zaka zosachepera 3, asanalonjeze kwa moyo wonse umphawi, kudzisunga ndi kumvera. Nthawi yonseyi khomo lili lotsegula. Wofuna banja amabwerera kwawo. Wothawa manyazi chabe angapirire zaka zonsezo?

Ndipo sisitere sakhalira kupemphera kokha. Masisitere a Charity of Ottawa, chipani chimene Élisabeth Bruyère anayambitsa mu 1845 ku Canada, akhala akuphunzitsa atsikana ndi kusamalira odwala ku Ludzi kwa zaka zambirimbiri. Sisitere wokondwerera zaka 50 za malumbiro ake amakhala ataphunzitsa mayi, mwana wake, mwinanso mdzukulu, choko chili m'manja kuyambira m'mawa Misa ikangotha.