Malo a makolo ku America: mafunso ndi mayankho pa lamulo loteteza mbumba ya anthu akuda

Kodi malo a heirs' property ndi ati?

Ndi malo oti mwini wake anamwalira osasiya wilu, ndiye ana, zidzukulu mpaka zidzukulutudzi onse amakhala eni ake limodzi, koma palibe amene angaloze kuti changa ndi chigawo ichi. Aliyense ali ndi gawo pa malo onse. Zachuluka kwambiri kumwera kwa America, ku South Carolina, Georgia, Alabama ndi Mississippi.

Nanga tsankho likulowa pati apa?

Ukapolo utatha mu 1865 anthu akuda anavutikira kugula minda, pofika 1910 anali ndi maekala pafupifupi 16 miliyoni. Koma nthawi ya malamulo atsankho otchedwa Jim Crow, omwe ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda, khoti linali la azungu, loya wakuda kumupeza kunali kovuta, ndiye agogo ambiri ankangoti bola osalemba chilichonse malo akhale a banja lonse, ankaona ngati akuteteza ana. Kumeneko ndi komwe anthu a ndalama anapezera polowera.

Amalanda bwanji poti malo ndi a banja lonse?

Apa ndi pomwe pamawawa. Kampani yomanga mahotela imafufuza m'bale mmodzi, mwina uja anapita ku New York kalekale sanapondeko n'komwe pamudzi, imamugula kagawo kake ndi ndalama zochepa, basi kampaniyo yalowa m'banja ngati mwini wake nayo. Kenako imapita kukhoti kuti malo agawidwe, woweruza n'kunena kuti anthu 40 sangagawane bwino kamunda kamodzi, agulitse onse pa okushoni, ndipo amene ali ndi kashi pompo ndi kampani yomwe ija. Agogo oti anabadwira pomwepo, manda a makolo ali kuseri kwa nyumba, amangopatsidwa kacheke n'kuuzidwa kuti asamuke. Anthu a Gullah Geechee, omwe ndi mbumba ya akapolo ochokera ku Africa, m'zilumba ngati Hilton Head ku South Carolina anataya malo ambiri a m'mbali mwa nyanja m'njira zoterezi. Ife timadziwa za achibale olanda katundu wamasiye, koma izi zinkachitika ndi chidindo cha khoti.

Lamulo latsopanoli likusintha chani?

Dzina lake ndi Uniform Partition of Heirs Property Act, linalembedwa mu 2010 motsogozedwa ndi pulofesa wa zamalamulo Thomas Mitchell. Khoti liyambe latumiza katswiri wosakondera kukaona mtengo weniweni wa malowo. Ndiye achibale omwe sanapemphe zogulitsa amapatsidwa masiku 45 onena kuti tigula ndife gawo la uyo akufuna kuchokayo, kenako nthawi ina yoti asonkhe ndalamazo. Zikakanika, woweruza aganizire kaye zodula malowo m'zigawo, ndipo aone zinthu ngati banja lakhalapo zaka zingati komanso malowo ndi ofunika bwanji kwa iwo, osangowerenga madola ayi. Kugulitsa ndi njira yomaliza, ndipo agulitse pamsika ngati nyumba ina iliyonse osati okushoni ya changu ija.

Likugwira ntchito America yonse?

Ayi, state iliyonse, kutanthauza chigawo cha America chokhala ndi boma lake, imavomereza payokha. Georgia inavomereza mu 2012, Alabama 2014, Mississippi 2020. Ku South Carolina linadutsa mu 2016 ndipo analipatsa dzina la Clementa Pinckney, m'busa komanso senata wa nyumba ya malamulo ya South Carolina yemwe anaphedwa limodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu pa tchalitchi cha anthu akuda cha Emanuel AME Church ku Charleston mu June 2015 ndi mzungu wodana ndi anthu akuda.

Malo akagulitsidwa chifukwa cha msonkho, angawomboledwe?

Eya, koma iyi ndi nkhani ina, lamulo lija silikhudza zimenezi. Msonkho ukapanda kulipidwa, ndipo zimachitika kwambiri poti wachibale aliyense amaganiza kuti walipira ndi mnzake, boma la dera limagulitsa malowo pa okushoni. Ku South Carolina mwini wake ali ndi miyezi 12 yoti awombole polipira ngongoleyo kuphatikiza chiwongoladzanja. Ku Beaufort County, dera la ku South Carolina komweko, kuli kachizolowezi kondisangalatsa, wachibale amaimirira pa okushoni n'kulengeza kuti awa ndi malo a makolo, ogula ena n'kukhala chete kuti awatenge yekha. Koma si lamulo, wina wouma mtima atha kukweza mtengo ndipo palibe angamumange.

Nanga omwe analandidwa kale aja abwezeredwa?

Ayi ndithu. Lamuloli likuona milandu yatsopano yokha, zomwe zinapita zinapita.

Banja lingadziteteze bwanji?

Kulemba wilu, kulemba mndandanda wa achibale onse amoyo ndi omwalira, kusankha munthu mmodzi woona za msonkho ndi kusunga malisiti. Ku Charleston kuli bungwe la Center for Heirs' Property Preservation lomwe limathandiza mabanja kukonza mapepala a malo, koma ntchito yovuta imakhalabe ya banja, kusaka msuweni aliyense yemwe anabalalikira ku Chicago kapena Philadelphia kuti agwirizane ndi anzake.